Khadi la Matambala 25 ndi Mtengo wa Umboni ku Kasungu

Liwu lakuti mboni m'Chichewa ndi la kubwalo la milandu, ndipo limanena za munthu amene waona kanthu ndi maso ake n'kuvomera kukafotokoza pamaso pa mfumu ndi nduna zake, ngakhale akudziwa kuti wina mwa omvera achoka pabwalopo atamusungira chakukhosi. Chigiriki, chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, chili ndi liwu lofanana nalo lakuti martys, limene poyamba linkatanthauza mboni ya pamlandu chabe, koma Akhristu oyambirira atayamba kuphedwa chifukwa chokana kufukiza lubani kwa mfumu ya Aroma, liwulo linasenza tanthauzo lachiwiri, la munthu wofera chikhulupiriro chake. Kumeneko n'kumene kunachokera dzina lakuti amaritiri, limene Akatolika amatchulira anyamata amene anatenthedwa ku Namugongo m'dziko la Uganda pa 3 Juni 1886. Matanthauzo awiriwa anakumana chifukwa chikhulupiriro chobisala mumtima sichiopseza wolamulira aliyense, pamene chikhulupiriro chonenedwa pagulu, kapena choonekera pa chinthu chimene munthu wakana kuchita anzake onse akuchita, chimakhala mlandu. Ku Malawi mlandu wotere unazengedwa kwa zaka pafupifupi 30 mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo chidikha cha fodya cha Kasungu ndi malo abwino ouonerapo, pakuti n'kwawo kwa wolamulira amene anauyambitsa.

Hastings Kamuzu Banda anabadwira ku Kasungu ndipo anayamba sukulu pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama, pamalo pamene mu 1981 anatsegulapo Kamuzu Academy. Chikhristu chimene anakuliramo chinafika m'bomali kudzera mwa amishoni a Livingstonia, amene mu 1900 anatumiza Dr George Prentice kukatsegula siteshoni imene lero imadziwika kuti Chilanga, ndipo m'zaka za m'ma 1920 siteshoniyo inaperekedwa kwa amishoni a mpingo wa Dutch Reformed a ku Nkhoma. Malume ake a Banda, Hanock Msokera Phiri, ndiye anabweretsa mpingo wa African Methodist Episcopal ku Kasungu mu 1924. Banda mwiniwake anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo sankatopa kukumbutsa anthu za udindowu pamisonkhano. Motero chizunzo chimene chikufotokozedwa pano sichinachokere kwa munthu wodana ndi Baibulo, koma kwa boma limene linkatsegula misonkhano yake ndi pemphero, ndipo n'chifukwa chake Akhristu ambiri anachedwa kuchizindikira kuti ndi chizunzo.

Chimene chinasiyanitsa anthu chinali kapepala. Dziko litakhala la chipani chimodzi mwalamulo mu 1966, khadi la Malawi Congress Party linasanduka chiphaso cholowera pamsika, m'chipatala ndi pa depoti ya basi, ndipo anyamata a Youth League, amene anthu ankawatcha ayufi ndipo ankadziwika ndi malaya awo ofiira, ankaima pazipata pamodzi ndi apayoniya kufunsa aliyense kuti aonetse lake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 khadilo linkagulidwa ndi matambala 25, ndalama imene ngakhale mlimi wosauka akanaipeza atagulitsa nkhuku, ndipo amayi oyembekezera ankakakamizidwa kugulira khadi ngakhale mwana amene anali asanabadwe. Amalawi ochuluka, kuphatikizapo abusa, madikoni ndi akatekisiti, ankagula khadilo monga mmene munthu amalipirira chiphaso cha njinga, osaona kuti likukhudzana ndi chipulumutso. Gulu limodzi lokha ndilo linakana pamodzi, kuyambira akuluakulu mpaka ana asukulu, ndipo linali la Mboni za Yehova, zimene anthu akumudzi ankazitcha Achitawala potengera dzina la magazini yawo ya Watch Tower.

Chiphunzitso chimene chinawaimitsa pamenepo n'chosavuta kufotokoza, ngakhale kwa amene sagwirizana nacho. Mboni zimakhulupirira kuti Mkhristu ndi nzika ya Ufumu wa Mulungu, ndipo potsatira Yohane 17 zimati wophunzira wa Yesu saloledwa kulowa m'ndale za dziko, kaya povota, kaya polowa chipani, kaya pochitira sawatcha mbendera. Potsatira Aroma 13 zimavomereza kukhoma msonkho ndi kumvera malamulo, koma pamene lamulo la munthu lawombana ndi la Mulungu zimatsatira yankho limene atumwi anapereka kwa akuluakulu a Ayuda pa Machitidwe 5:29. Kwa iwo msonkho unali wa boma, choncho unali woyenera kulipira, pamene khadi linali la chipani, ndipo kuligula kunali kulembetsa dzina m'gulu landale. Vuto linali lakuti boma la nthawiyo linkaphunzitsa kuti chipani ndi boma n'chimodzi, kotero kuti wokana khadi ankaoneka ngati wagalukira dziko. Mipingo yambiri siiwerengera Mboni m'gulu la Akhristu chifukwa zimakana chiphunzitso cha Utatu, ndipo mtsutso umenewo uli ndi malo ake m'makalasi a zaumulungu, koma sufafaniza zoti anthu amenewa anamenyedwa chifukwa cha mmene ankamvera mawu a Yesu Khristu.

Nkhanza zinayamba ufulu wodzilamulira usanafike, pa nthawi yolembetsa mayina a ovota kumayambiriro kwa 1964, pamene nyumba za Mboni zoposa 1,000 ndi Nyumba za Ufumu zoposa 100 zinatenthedwa kapena kugwetsedwa, malinga ndi kuwerenga kwa gulu lawo. Mu Seputembala 1967 msonkhano waukulu wa chipani ku Mzuzu unapempha kuti gululi liletsedwe, ndipo mu Okutobala boma linalengeza kuti ndi gulu losaloledwa, amishonale awo akunja anathamangitsidwa, ndipo ofesi yawo ku Blantyre inalandidwa. Panthawiyo m'dziko munali Mboni pafupifupi 18,000. Koma chimphepo chachikulu chinadza mu Seputembala 1972, pamene msonkhano wa chipani ku Zomba unagwirizana kuti Mboni zichotsedwe ntchito m'boma ndi m'makampani, malonda ndi ulimi wawo zifooketsedwe, ndipo okhala m'midzi athamangitsidwe. Zimene zinatsatira zinalembedwa ndi atolankhani akunja komanso mabungwe oona za ufulu wa anthu: kukwapulidwa, kugwiriridwa kwa amayi ndi atsikana, kutenthedwa kwa nkhokwe, ndi imfa.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa chigamulo cha 1972 m'dera ngati Kasungu, ayenera kudziwa mmene fodya ankalimidwira m'zaka zimenezo. Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale pamunda wa makolo ake, ndipo chiletsochi chinayamba kumasulidwa mu 1990 basi, kotero kuti fodya wandalamayu anali wa maesiteti okha. Banda ankalimbikitsa nduna, akuluakulu a chipani ndi a boma kutsegula maesiteti ndi ngongole za kubanki, ndipo makampani ake a General Farming ndi Press Farming anali ndi minda ikuluikulu m'chidikha cha Kasungu. Ntchito yambiri inkagwiridwa ndi matenanti, ndiko kuti mabanja amene mwini esiteti amawapatsa kachigawo ka munda, mbewu, feteleza ndi phoso pangongole, iwo n'kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kuyanika fodya m'zigafa, kenako n'kumugulitsa kwa mwini malo yemweyo pa mtengo umene iye wanena. Tenanti analibe munda wake pamalopo, khumbi limene ankagonamo linali pa nthaka ya bwana, ndipo chakudya cha ana ake chinkatuluka m'nkhokwe ya bwana. M'dongosolo lotere, munthu wokana khadi sankataya ntchito yokha, koma ankataya nyumba, chakudya ndi thukuta la chaka chonse tsiku limodzi, ndipo akabwerera kumudzi ankapeza nyakwawa nayo yalamulidwa kuti isamusunge.

Apa ndi pamene kulimba mtima kwa anthu amenewa kumasiyana ndi kumene kumasimbidwa kawirikawiri m'maulaliki. Wozunza sanali msilikali wachilendo wolankhula chinenero china, koma mwana wa mnansi, mphwake wa mkazi wako, kapena mnyamata amene unamuphunzitsa kusoka fodya. M'mudzi wa Achewa munthu amadalira anzake pa maliro, pa dima ndi pa milandu, ndipo mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga umanena zoona zenizeni za moyo wa tsiku ndi tsiku. Wokana khadi ankadzichotsa yekha pansi pa denga limenelo, ndipo abale ake, pomukonda, ndiwo ankayamba kumuchonderera kuti agule kapepalako n'kumapemphera mwakachetechete m'nyumba mwake, popeza Mulungu amaona mumtima. Ena ankafika pomugulira khadi ndi ndalama zawo kuti iye angolandira. Chiyeso chachikulu chinali chimenechi, chifukwa mtengo wogulira mtendere unali wochepa kwambiri, ndipo palibe amene akanamunyoza munthu atagonja. Ena anagonjadi, monga zimakhalira pa chizunzo chilichonse, koma ochuluka anasankha kusiya minda ndi ziweto.

Pofika kumapeto kwa 1972 Mboni pafupifupi 19,000 zinali zitawoloka malire kupita ku msasa wa Sinda Misale, m'chigawo cha kummawa cha Zambia, kumene anthu amalankhula Chichewa chomwecho cha ku Kasungu ndi ku Mchinji. Madzi pamsasapo anali oipa ndipo anthu mazana anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Mu Disembala chaka chomwecho maboma awiriwa anagwirizana kuwabweza, anawatsitsira pabwalo lakale la ndege ku Lilongwe n'kuwauzanso za khadi, ndipo atafika m'midzi nkhanza zinayambiranso. Ulendo wachiwiri unali wa ku Mozambique, kumene Apwitikizi anawapatsa malo ku Mlangeni, kufupi ndi malire a Dedza ndi Ntcheu, ndipo kumeneko ndi m'misasa ina anthu oposa 30,000 anamanga nyumba ndi kulima minda. Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, chipani cha Frelimo nachonso chinafuna kuti othawawo azifuula mawu ochitamanda, iwo anakananso, ndipo anabwezedwa ku Malawi. Pafupifupi 5,000 anamangidwa, ochuluka n'kutsekeredwa ku ndende ya Dzaleka m'boma la Dowa, pamalo a mphepo ndi chisanu. Anthu okana zipani zonse mofanana sangakhale a chipani chotsutsa, ndipo zimene zinachitika ku Mlangeni zinatsimikiza kuti mkangano wawo sunali ndi Banda monga munthu.

M'zaka zonsezi mipingo ikuluikulu inakhala chete. Klaus Fiedler, amene anaphunzitsa mbiri ya mpingo ku Chancellor College ku Zomba, analemba za masautso a Mboni m'buku la God, People and Power in Malawi, limene Kenneth Ross anasonkhanitsa mu 1996, ndipo limeneli linali limodzi mwa mabuku oyamba osindikizidwa m'dziko muno kuika nkhaniyi poyera. Zifukwa za chetecho n'zodziwika. Mantha analipo, pakuti lamulo linkalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo mbusa wolalikira mosasamala ankatha kusowa. Mipingo inalinso ndi masukulu ndi zipatala zimene zinkadalira thandizo la boma. Koma panalinso chifukwa chochititsa manyazi, chakuti Mboni zinkayenda khomo ndi khomo kukopa nkhosa za mipingo inayo ndipo zinkaitcha yonyenga, kotero kuti atsogoleri ena sanamve chisoni chenicheni poona opikisana nawo akuchotsedwa. Ambiri mwa ayufi amene ankatentha nkhokwe Loweruka anali obatizidwa, ndipo Lamulungu ankakhala pamabenchi a tchalitchi.

Chete chimenechi chinasweka pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, nyengo ya masiku 40 yokonzekera Pasaka, pamene m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Kalata ya ubusa ndi uthenga umene maepiskopi amalembera Akhristu awo kuti uwerengedwe pa Misa, ndipo imeneyi inasainidwa ndi atsogoleri asanu ndi awiri: Arkiepiskopi James Chiona wa Blantyre, Felix Mkhori wa Chikwawa, Mathias Chimole wa Lilongwe, Alessandro Assolari wa Mangochi, Allan Chamgwera wa Zomba, Gervasio Chisendera wa Dedza ndi Monsinyo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Makope 16,000 anasindikizidwa kwa a Montfort ku Balaka, ochuluka m'Chichewa, ena m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Kalatayo inanena za malipiro ochepa a antchito, za mitengo yotsika imene alimi ankalandira, za kuperewera kwa masukulu ndi zipatala, za kutsekera anthu popanda mlandu, ndipo inatchulanso mchitidwe wobweza anthu pamsika, kuchipatala ndi pa depoti chifukwa chosowa khadi la chipani. Kapepala kamene alimi osaphunzira anakakana mu 1967 kanatchulidwa paguwa patapita zaka 25.

Boma linakalipa. Pa 10 Marichi maepiskopi anafunsidwa mafunso kwa maola ambiri ku polisi ya Kanjedza ku Blantyre, kalatayo inalengezedwa kuti ndi yogalukira boma kotero kuti kupezeka nayo kunali mlandu, ndipo pamsonkhano wadzidzidzi wa chipani ku Lilongwe ena analankhula zopha maepiskopiwo, mawu amene anajambulidwa pa kaseti n'kumveka kunja kwa dziko. Makina osindikizira ku Balaka anaukiridwa ndi moto, ndipo Roche, amene anali wa ku Ireland, anathamangitsidwa pa Lachisanu Loyera, pa 17 Epulo. Ophunzira a ku Chancellor College anaguba kuchirikiza maepiskopi, Chakufwa Chihana anamangidwa pa 6 Epulo atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo abusa ena a CCAP, monga Aaron Longwe wa ku Mzuzu, anatsekeredwa chifukwa cha maulaliki awo.

Boma la Kasungu linagawika pa nkhaniyi mwa njira imene mapu a mipingo amaonetsa bwino. Parishi za Katolika za kumwera, monga Chiphaso, zinali pansi pa Lilongwe, pamene Nkhamenya kumpoto inali pansi pa Mzuzu, kutanthauza kuti mtsogoleri amene anathamangitsidwa pa Lachisanu Loyera anali woyang'anira Akhristu ena a m'boma lakwawo kwa Banda. Wansembe kapena katekisiti wowerenga kalatayo ku Kasungu ankaiwerengera anthu amene ena mwa iwo anali apampando a nthambi za chipani, amayi a mbumba ndi akapitawo a m'maesiteti a Pulezidenti. Mu CCAP, mtsinje wa Dwangwa unkatengedwa ngati malire a Sinodi ya Livingstonia kumpoto ndi Sinodi ya Nkhoma kumwera. Masinodi a Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana ndi nthumwi za World Alliance of Reformed Churches polembera Banda kalata mu Juni 1992 ndipo analowa m'bungwe la Public Affairs Committee limene linakambirana ndi boma za kusintha, pamene Sinodi ya Nkhoma inakhala kumbali ya Pulezidenti, mpaka inaimitsidwa m'bungwe la Christian Council of Malawi. N'zosavuta lero kuweruza Nkhoma, koma ndi bwino kukumbukira kuti Akhristu ake ambiri ankaona Banda ngati mwana wawo amene anaphwanya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene anthu 63 pa 100 alionse m'dziko anasankha zipani zambiri, chigawo chapakati chinavotera chipani chimodzi. Mkhristu wa ku Kasungu wogwirizana ndi kalata ya maepiskopi ankatsutsana ndi mudzi wake womwe, osati ndi boma lokha.

Mbiri ya dziko imakumbukira kwambiri maepiskopi, ndipo m'pomveka, chifukwa kalata yawo inatsegula njira imene inafikitsa ku chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Komabe kuika zochitika ziwirizi pa sikelo imodzi kumaonetsa kusiyana kumene sikuyenera kubisidwa. Maepiskopi analankhula nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union itatha, mayiko opereka thandizo atayamba kufunsa za ufulu wa anthu, ndipo kumbuyo kwawo kunali Vatican ndi wailesi ya BBC. Analankhulira dziko lonse, ndipo m'menemo anaposa Mboni, zimene sizinadzudzulepo boma chifukwa chozunza ena ndipo sizinafune kusintha ulamuliro. Mboni zinaima pa nthawi imene Banda anali pachimake cha mphamvu zake, atangolengezedwa kumene kukhala Pulezidenti wamuyaya mu 1971, zilibe sukulu, chipatala kapena kazembe woti azilankhulire, ndipo zinalipira ndi matupi awo kwa zaka 26. Kulimba mtima kwa maepiskopi kunali kwa kulankhula, kwa Mboni kunali kwa kukana, ndipo kwachiwiriku n'kumene munthu wamba wa pa esiteti, wopanda guwa kapena makina osindikizira, ali nako m'manja mwake.

Chiletso cha Mboni za Yehova chinachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993, miyezi iwiri riferendamu itachitika, Banda akadali pampando. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ali ndi ndime 33 imene imapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, komanso ndime 32 imene imaletsa kukakamiza munthu kulowa m'bungwe lililonse, ndipo Mmalawi wamkulu aliyense amadziwa kapepala kamene ndime yachiwiriyi ikukumbukira. Lero mlimi wa ku Chamama kapena ku Santhe amalima bale pamunda wake n'kukagulitsa mabelo ku Chinkhoma popanda womufunsa khadi pachipata, ndipo chiwerengero cha Mboni m'dziko muno chinapitirira 90,000. Ndende ya Dzaleka inasinthidwa mu 1994 kukhala msasa wa anthu othawa nkhondo, ndipo masiku ano mumakhala mabanja ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda.